Mwala umene unkabwerera wofunda

Pakhomo la chipinda changa pali mwala umene ndimaika kuti chitseko chisamamenyetseke ndi mphepo. Ndi mwala wamumtsinje, wosalala, kukula kwake ngati papaya wosakhwima, ndipo mbali imodzi inada ndi moto mwakuti ngakhale muukweche ndi mchenga kudako sikuchoka. Ana anga onse anakula akupunthwapo. Mwezi wathawu mwana wanga wachisamba, amene akukonzekera ukwati, anafuna kukautaya kudzala pokonza m'nyumba. Mmene ndinamukalipira anadabwa kwambiri, poti ine si munthu wokalipa. Ndinamupepesa tsiku lomwelo, koma chifukwa chake sindinamuuze. Pakamwa panga zinthu zina zimakana kutuluka, ndinatengera amayi. Ndiye ndati ndilembe m'kope ili kuti iye ndi ang'ono ake adzawerenge. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, choncho mukapeza polakwika mundikhululukire, muone nkhaniyo.

Zimene ndikunenazi zinachitika m'nyengo yachisanu, chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate. Ndinali ndi zaka khumi. Anthu anali akadali ndi chimwemwe cha ufulu: amuna pa bawo ankalankhula mokweza zinthu zimene kale ankangonong'ona, ndipo amayi ovala zitenje za zipani zosiyana ankatunga pachitsime chimodzi akunyogodolana. Ife tinkakhala kwawo kwa amayi, kufupi ndi Nachisaka, m'mudzi wa m'mbali mwa phiri umene dzuwa limachedwa kuufika. Abambo kwawo kunali ku Malomo. Kwathu anali mkamwini. Nyumba anamanga ndi iwo, munda ankalima ndi iwo, chigafa cha fodya anaimika ndi iwo, koma dothi limene zonsezi zinakhalapo linali m'manja mwa atsibweni, mlongo wawo wamkulu wa amayi, mwini mbumba.

Abambo anali munthu wa manja ofunda. Sankatha kudutsa pafupi ndi munthu amene amamukonda osamukhudza. Ine ankandikoka khutu pang'ono, kapena kundisisita pamutu ngati akufufuza nsabwe. Amayi akamachokera kunkhuni, abambo ankathamanga kukawatula mtolo. Ankawafunditsira madzi osamba. Chilimwe mapazi a amayi akachita ming'alu, ankawakhazika pampando kuseri kwa nyumba n'kumawadzoza mafuta ndi manja awo, mwamuna wandevu zake. Kumudzi kwathu zimenezo zinali zachilendo kuposa matipate. Pachitsime ankati, "Amene uja anamudyetsa kondaine, ndipo pothirapo dzanja linalemera."

Akanadziwa, amayi sakanatha kudyetsa munthu kondaine, chifukwa chikondi chimene anali nacho kale chinkawakanika kulandira. Abambo akawagwira paphewa, thupi lawo linkauma gwa ngati mtengo. "Iih, anthu akuona," ankatero akudzisolola, ngakhale pamene oonawo anali nkhuku zokha. Ine kundinyamula anasiya nditangoyamba kuyenda, ndipo sindikumbuka tsiku limene anandikumbatira. Ndili mwana ndinkati amayi ndi ouma mtima. Lero ndikudziwa kumene zinachokera. Makolo awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu, ndipo anawalera ndi atsibweni, amene panthawiyo anali mnyamata wosakwatira. Sanawagoneke ndi njala, sanawayendetse ausiwa, koma sanadziwe kuti mwana amafunanso kunyamulidwa. Mwana amene amalira osatoledwa amafika posiya kulira, kenako amasiyanso kutambasula manja. Chikondi cha amayi chinkadutsira m'singano ndi mumphika: chigamba chosokedwa bwino pa malaya a abambo, nthutumba ya nkhuku yobisidwa pansi pa msuzi m'mbale yawo. Koma mawu ayi, dzanja ayi.

Pakati pa ine ndi mwana amene anabadwa chaka chimenecho panali manda awiri ang'onoang'ono. Choncho mlongo wanga atabadwa, tikukolola chimanga, mudzi wonse unkayenda monyang'ama. Ali ndi milungu itatu, abambo anakwera lole pamodzi ndi alimi anzawo kupita ndi mabelo a fodya ku Lilongwe. Anati atha masiku atatu, koma anatha masiku asanu ndi anayi, chifukwa malole anali pamzere wautali kudikira kutsitsa. Anabwera ali mbuu ndi fumbi, atanyamula kashawelo koyera ka mwana. Asanasambe n'komwe analowa m'nyumba, namunyamula mwanayo n'kumuika pachifuwa, akumuimbira nyimbo ya kukwaya. Patapita masiku anayi mwana anayamba kutsokomola. Ankapuma mofulumira ngati kamwana ka nkhuku kamene kathamangitsidwa, tinthiti tikulowa m'kati.

Akuluakulu kwathu ankakhulupirira kuti khanda ndi lozizira, ndipo bambo wake amayenera kudziletsa mpaka mwambo wake utachitika. Akayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzakhudza mwanayo, ndiye kuti wabwera wotentha, wamudula, ndipo mwana amatsokomola, kutupa, kenako n'kupita. Amati mdulo. Ine kuyenda kumene ankanenako sindinkakudziwa, ndinkangoti abambo alakwa chifukwa chochedwa ku Lilongwe. Atsibweni anaitanitsa nkhani masana pakhonde pathu, pali amayi awiri achikulire a mumbumba. Abambo analumbira, nati Mulungu ndi mboni yawo, masiku onsewo anagona pamwamba pa mabelo kulondera fodya. Atsibweni sanakweze mawu. Anangotambasula manja awo nati, "Alamu, ndi manja awa ndakwirira ana awiri a mlongo wanga. Wachitatu ayi." Chigamulo chinali chakuti abambo asalowenso m'nyumba, asakhudze mwana kapena mayi wake, asadye za mumphika wathu, kufikira mwana atachira ndi mankhwala a mdulo. Akapanda kuchira, abambo aone msana wa njira.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze atsibweni, Mulungu ause mzimu wawo. Ankapemphera nafe Lamulungu lililonse ndipo nyimbo zambiri ankazidziwa pamtima. Koma mantha ali ndi chipembedzo chawochawo, ndipo munthu amene wakumbapo manda a khanda amagwira chilichonse chimene chili pafupi. Chimene chinandipweteka ine tsiku limenelo si mawu a atsibweni. Chigamulo chitaperekedwa, abambo anatembenuka kuyang'ana amayi, amene anakhala pakhomo mwana ali pamiyendo. Anawayang'ana nthawi yaitali. Mawu amodzi okha akanakwana. Amayi anaweramitsa mutu, akusolola kabango ka mphasa ndi chikhadabo.

Abambo anasamukira m'chigafa. Kwa amene simunalimepo fodya, chigafa ndi denga la udzu pa mizati, chopanda makoma, chifukwa amachimanga kuti mphepo izidutsa n'kumaumitsa fodya. Ndiye mphepoyo inkadutsadi, osasamala kuti fodya anachoka, patsala munthu. Chisanu cha kwathu si chamasewera. M'mawa nkhungu inkatsika kuchokera kumapiri a Ntchisi n'kukhala m'mudzi mpaka dzuwa litakwera, madzi a mumtsuko ankaluma mano, milomo yathu ana inkang'ambika mpaka magazi. Abambo anapachika ziguduli mbali ya mphepo, nayala mphasa pa zinyenyeswa za fodya, naika mafuwa atatu podziphikira. Zovala zawo, ndevu zawo, mpweya wawo, zonse zinayamba kununkha fodya ndi utsi. Masiku oyamba ankaseka. "Dziko lonse lalandira ufulu," ankatero, "ine ndalandira chigafa."

Kuchokera pakhomo la nyumba kufika m'chigafa panali mapazi anga makumi atatu ndi anayi. Ndinawawerenga kambirimbiri. Ndi mtunda woti munthu akatsokomola uku, uko amamva. Abambo ankamva chifuwa cha mwana wawo koma sakanatha kupita. Kuchoka kubwerera ku Malomo sakanathanso, chifukwa kukanakhala kuvomera mlandu. Amayi nawo sankatuluka, mwana ali chomwecho, ndipo akanati alankhule, akanalankhula motsutsa munthu amene anawalera. Aliyense anamangidwa pamalo pake ngati mbuzi za pachingwe, zoonana koma zosafikana. Womasuka kuyenda mapazi makumi atatu ndi anayiwo ndinali ine ndekha, popeza mwana amati alibe kutentha kulikonse.

Chibadwire mwana, amayi msana unkawavuta, ndipo abambo ndi amene ankawathowa ndi kansalu ka madzi otentha, mobisa kuti amayi achikulire asadziwe. Tsopano wowathowa panalibe. Tsiku lachitatu ali m'chigafa, abambo anatsikira kumtsinje nabwera ndi mwala uja. Dzuwa likamakhudza phiri ankaukwirira m'phulusa lamoto, n'kuudikira, n'kuufukula ndi timitengo, n'kuupukuta bwinobwino, n'kuukulunga m'kachiguduli. "Kapereke kwa amayi ako, aike kumsana. Usauze munthu." Ndinkaunyamula ndikuthamanga, chifukwa moto wake unkaboola chiguduli n'kundiluma m'manja. Ndikalowa, amayi sankadzutsa n'komwe mutu. "Ika apo," basi. M'mawa ndisanapite kusukulu ankandiitana, mwala uli kale m'manja mwawo, nati, "Kabweze."

Mawu awo anali amenewo, tsiku ndi tsiku: ika apo, kabweze. Koma mwalawo unkakhala wofunda. Sunkaotcha ngati madzulo, unkangofunda mofatsa, moti m'nkhungu muja ndinkayenda pang'onopang'ono kuti zala zanga zimve kukoma. Abambo ankakhala atadzuka kale, atadzifunditsa bulangete mpaka kumutu, maso ali pakhomo. Ankaulandira ndi manja awiri ngati mphatso ya kwa apongozi, n'kuumasula, n'kuuika patsaya atatsinzina.

"Anena chiyani?"

"Ati kabweze."

"Basi?"

"Basi."

Ndiye ankamwetulira ngati munthu amene walandira kalata yabwino. Ine zinkandipsetsa mtima. Ndinkaona munthu akuzizidwa chifukwa cha mkazi amene sangathe ngakhale kuthokoza. Tsiku lina ndinawanamiza, ndinati amayi ati zikomo kwambiri. Abambo anaseka mpaka kutsokomola. "Bodza limenelo, mwanawe. Amayi ako ndimawadziwa. Uzingonyamula zimene wapatsidwa, usamathiremo mchere."

Inali nthawi imene sukulu inali itangokhala yaulere, ndipo ana tinachuluka mwakuti kalasi yathu inali pansi pa mkuyu, aliyense pa njerwa yake. Aphunzitsi athu anali mtsikana ndithu, mmodzi mwa aja analembedwa ntchito mofulumira, wovala juzi yofiira imene tonse tinkaisirira. Tsiku lina ankatiphunzitsa kuti chinthu chilichonse chotentha chikasiyidwa chimazizira, kaya madzi, kaya chitsulo. Ine ndinakweza dzanja n'kunena kuti kwathu kuli mwala umene suzizira. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Aphunzitsi sanaseke, chifukwa anali ataona matuza m'dzanja limene ndinakwezalo. Pa nthawi yopuma anandiitanira kuseri kwa mtengo, akuganiza kuti kunyumba amandiotcha. Ndipo ine, amene ndinauzidwa kuti ndisauze munthu, ndinakhuthula zonse, chifukwa anali atandigwira dzanja mofewa ndipo ndinali ndi njala ya kugwiridwa choncho. Anandifunsa kuti m'mawa amayi amauchotsa pati mwalawo. Ndinati sindiona, ndimapeza ali nawo kale. Anandiyang'ana, nkhope yawo n'kufewa, koma sanandiuze zimene ankaganiza. Kenako anafunsa za mwana, kuti akupuma bwanji, ndipo nditawasonyeza ndi chifuwa changa, kumwetulira kuja kunatha.

Loweruka anabwera kwathu. Anagwada popereka moni kwa atsibweni, monga mwana woleredwa bwino, napempha kuona mwana. Atatuluka anati kapumidwe kameneko anakaonapo pa mng'ono wawo, ndipo ndi kofunika chipatala cha ku boma msanga. Atsibweni anawathokoza chifukwa cha ulendo, koma anati mdulo sugwirizana ndi jakisoni, mwana akabayidwa ndiye kuti tamutsiriza. Aphunzitsi anachonderera, osaphula kanthu. Potsanzika, pofuna kundichitira chifundo, anawonjezera kuti, "Komanso mwala uja aziukulunga bwino, mwanayu manja akupsa."

"Mwala wanji?" anafunsa atsibweni.

Madzulo a tsiku limenelo anandidikirira panjira pakati pa chigafa ndi nyumba. Anandilanda kachiguduli kaja, naumva kutentha kwake, nkhope yawo n'kuchita ngati munthu amene wapeza njoka pamphasa. "Ndiye chifukwa chake mankhwala sakugwira! Munthu tamutulutsa, koma moto wake ukulowa m'nyumba tsiku ndi tsiku." Ankakhulupiriradi zimenezo, misozi inali m'maso mwawo. Anapita kumapeto kwa bwalo kumene kunali chigwembe chodzaza ndi mkandankhuku, nauponya ndi mphamvu zawo zonse. Ndinaumva ukugubuduka, ukuthyola tchire, kenako zii. M'mawa mwake anatuma uthenga ku Malomo kuti abale adzatenge munthu wawo.

Masiku atatu otsatirawo ndi amene sindifuna kuwakumbukira. Ine ndinkadziona ngati Yudasi, pakamwa panga ndi pamene panagulitsa abambo. Iwo sanandikalipire. Anangosiya kuseka, kuimba, ngakhale kukoleza moto. Ankakhala tsonga pamphasa maso ali pakhomo la nyumba, ndipo ndikawapititsira madzi funso linali limodzi: "Amayi ako afunsa za ine?" Ndinali nditaphunzira kusathira mchere, choncho ndinkati ayi. Chisanu cha milungu itatu sichinawagonjetse, koma masiku atatu opanda chizindikiro anawafooketsa ngati mbewu yosathiriridwa. Lero ndikuona kuti Mulungu anakumanitsa anthu awiri osiyana. Wina akachita mantha ankafuna kuyandikira, kugwira, kumva kuti akufunidwabe. Wina akachita mantha ankalowa m'kati ngati fulu m'chigoba. Ndiye pamene mantha anakula, wina ankatambasula manja kwambiri, wina n'kumabisala kwambiri, ndipo aliyense ankavutika ndi mpangidwe wa mnzake. Tsiku lachitatu abambo anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mwina atsibweni ako akunena zoona kuti pano ndine mlendo."

Masana a tsiku lomwelo, atsibweni atapita kudimba, amayi anandipatsa mwana kuti ndimugwire. Anati akukachapa matewera. Anachedwa kwambiri, mwana akulira kamawu kosamveka, ine mtima uli m'mwamba. Pobwera mikono yawo inali yokandikakandika, magazi akuchita timizere, chitenje chodzaza ndi chisoso, ndipo matewera anabwera nawo ouma monga anapitira. Ndinafuna kufunsa, koma anandiyang'ana ndi diso lija limene limatseka pakamwa. Dzuwa lisanalowe anafika abambo aang'ono, mng'ono wawo wa abambo, pa njinga kuchokera ku Malomo. Anagwirizana zonyamuka m'mawa.

Kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone nkhokwe. Ndinasuzumira panja n'kuona abambo akumanga katundu wawo pakaliyala: bulangete, buku la nyimbo, malaya awiri. Zaka khumi ndi ziwiri za kulima, katundu wake n'kukwana m'kamtolo kamodzi. Atsibweni anaima chapatali manja ali kumbuyo. M'nyumba mwathu moto unali usanakolezedwe, chifukwa wokoleza ndinali ine, ndipo tsiku limenelo ndinalibe mtima. Phulusa linali lozizira, ndikunena ndithu, ndinaligwira. Amayi anandiitana. Anatembenukira kukhoma, napisa dzanja m'kati mwa bulauzi, natulutsa mwala uja. Anamasula mpango wa kumutu kwawo, naukulunga. 

"Kapereke," anatero.

Sanati kabweze. Ndipo mwalawo unali wofunda.

Ndinayenda mapazi makumi atatu ndi anayi aja atsibweni akundiona. Sindinathamange. Abambo ataona mpango wa amayi anasiya chingwe chimene ankamanga. Anaumasula, nauika mwala patsaya, natsinzina monga mwa masiku onse, koma ulendo uno mapewa awo ankagwedezeka. Atatsegula maso anamasula kamtolo kaja pakaliyala n'kukaponya pamphasa. Kwa mng'ono wawo anati, "Ndibwereke njingayi." Kwa atsibweni anati, mwaulemu ndithu, "Alamu, mundithamangitse mawa. Lero ndikupita ndi mwana kuchipatala."

Atsibweni asanayankhe, chitseko chinatseguka. Amayi anatuluka mwana ali kumbuyo, wofunditsidwa kashawelo koyera kaja, nsapato zawo za kutchalitchi zili kumapazi, mutu uli wopanda mpango. Anali atakonzeka kale. Sanayang'ane mlongo wawo, sanayang'ane amuna awo. Anadutsa bwalo lonse n'kukhala pakaliyala. Nthawi zonse akakwera njinga ankagwira kunsi kwa chishalo, kuopa kukhudza abambo anthu akuona. Tsiku limenelo, pamaso pa atsibweni, pa mlamu wawo ndi pa amayi amene anayamba kutuluka m'nyumba zawo, anazunguliza mkono wawo wokandika uja m'chiuno mwa abambo. Nkhungu inawameza asanafike pamkuyu, tinangotsala tikumva kulira kwa tcheni.

Atsibweni anaima pomwepo nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti ndiike ufa ndi nyemba m'thumba, ndipo ananyamuka wapansi kuwalondola ku Dowa.

Kuchipatala anati ndi chibayo, ndipo akanachedwa pang'ono sakanamupeza. Anakhalako sabata yathunthu. Ambuye ndi wabwino, abale, mwana amene uja lero ndi bambo wa ana anayi, ndipo akamaseka nyumba imagwedezeka ngati mmene ankasekera abambo. Atsibweni mpaka imfa yawo ankati mankhwala awo ndi amene anagwira, anangochedwa, ndipo abambo sanawatsutsepo. Za kuthamangitsana sizinatchulidwenso. Pobwera kuchipatala abambo anangolowa m'nyumba mwawo, ine n'kukatenga mphasa m'chigafa. Musaganize kuti amayi anasintha. Sabata yomweyo ndinawamva akuti, "Iih, anthu akuona." Anakhala choncho mpaka ukalamba, abambo akugwira, iwo akudzisolola, koma osapita patali. Onse awiri anatsogola, ndipo pogawana katundu abale anga atatenga mipando ndi mbale, ine ndinatenga mwala.

Nditakwatiwa ndinazindikira kuti thupi langa ndi la amayi. Bambo a ana anga ndi munthu wofatsa, wachifundo, ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iwo m'pemphero lililonse. Koma atandigwira dzanja tsiku lina pamsika wa ku Mponela, ndinalisolola ngati ndagwira mbaula. Anapirira zaka, kenako anandifunsa kamodzi kokha kuti, "Kodi ine ndili ndi minga?"  Ndinkawakonda mpaka mtima kuwawa, koma njira yochokera mumtima kufika m'manja inali yotsekeka, ndipo ndinkangowonjezera ndiwo m'mbale yawo.

Chaka china m'chisanu anadwala malungo, akunjenjemera mano gwegwegwe. Ndinakumbuka mwala uja, ndinaukwirira m'phulusa, ndinaukulunga n'kuuika kumapazi kwawo. M'mawa nditaugwira unali wozizira ngati chule. Ndinati mwina sindinautenthetse mokwanira. Tsiku lotsatira ndinaukhalitsa pamoto, koma kutacha unali chimodzimodzi. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi mwala uli m'manja, mayi wa ana atatu, ndikudabwa kuti unasiya liti kusunga moto. Pamenepo ndinakumbuka fungo limene unkabwera nalo m'mawa uliwonse kuchokera kwa amayi, fungo limene mphuno yanga inalisunga zaka zonsezi osandiuza tanthauzo. Unkanunkhira mkaka wa m'mawere. Ndinalira mwakachetechete. Kenako ndinaika dzanja langa pamphumi pa amuna anga, ndipo sindinalichotse. Anatsegula maso, nandiyang'ana modabwa, nati, "Kodi ndikufa?" Ndinati ayi, gonani. Dzanja ndinalisiya pomwepo. Mpaka lero ndikuphunzirabe, ndipo ndimapempha Ambuye kuti mwana wanga amene akukwatiwayu asadikire malungo.

Koma ndili ndi zaka khumi zonsezi sindikanazidziwa. Lamulungu lotsatira ulendo wa kuchipatala uja ndinaimirira ku Sande sukulu n'kuchitira umboni kuti kwathu kwachitika chozizwitsa: mwala umene unagona masiku atatu m'chigwembe, m'mame, unapezeka wofunda m'nyumba yopanda moto, ndipo Mulungu ndi amene anaufunditsa. Anzanga anaseka ngati mmene anasekera pansi pa mkuyu. Mwina sindinalakwitse kwenikweni, poti Mulungu amagwira ntchito ndi zimene wapeza. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mwala wosiyidwa kumsana kapena pamphasa sufika m'mawa. Moto wa abambo unkatha tambala asanalire, ndipo kufunda kumene ndinkabwerera nako sikunali kwawo. Amayi, amene sankatha kunena zikomo, amene ankauma akagwiridwa paphewa, ankaufungatira pachifuwa mpaka kucha, n'kuutumiza usanazizire kwa munthu yekhayo amene ankadziwa kuuwerenga ndi tsaya. Anthu awiri ankalankhulana kudzera m'manja mwanga m'mawa ndi madzulo, milungu itatu yathunthu. Ine ndinkangoti ndanyamula mwala.